Mayeso a Agile: Pomwe "ndikafunse kaye abwana" ndi yankho lolakwika

Ngati mwakhala mukusakasaka ntchito pa LinkedIn, kapena m'magulu a pa WhatsApp aja omwe anthu amaponyamo mipata ya ntchito, mawu awiri awa mudakumanapo nawo ndithu: Agile ndi Scrum. Amakonda kukhala chakumunsi, pamzere wa zinthu zomwe olemba ntchito amati munthu akakhala nazo ali ndi mwayi woposa anzake. Kale ankangopezeka pa ntchito za opanga mapulogalamu a pakompyuta. Masiku ano mumawaona pa ntchito za kubanki, za kumakampani a mafoni, za kumabungwe omwe si aboma, komanso pa ntchito zija za makampani akunja zomwe munthu amagwira ali pakhonde kwawo bola intaneti ilipo.

Ndiye wachinyamata yemwe digiri yake ikungochita fumbi m'chikwama amafunsa: pepala limeneli amalipeza bwanji, nanga ndi zingati?

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pomwe pamawawa. Mwa mayeso odziwika bwino padziko lonse, omwe munthu angalembe popanda kukakamizidwa kulipira kosi ndi a Professional Scrum Master I, mwachidule PSM I, a bungwe la Scrum.org. Mtengo wake ndi madola 200 a ku America. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi kubanki yakhala ikusewera pakati pa K1,700 ndi K1,750, kutanthauza kuti mayesowa ndi pafupifupi K350,000. Kumbukirani kuti mu 2024 boma lidaika malipiro otsikitsitsa a wantchito pa K90,000 pamwezi. Komanso ndalama imeneyi ndi ya mwayi umodzi wokha. Mukalakwa, palibe zoti tibwezereniko theka; mukafuna kubwereza, mutulutsanso madola ena 200.

Mayesowo ali ndi mafunso 80, nthawi yake ndi mphindi 60, ndipo kuti mukhoze mufunika 85 peresenti. Tiwerengetsere limodzi: muyenera kukhoza mafunso 68, mungaphonye 12 okha, ndipo funso lililonse lili ndi masekondi 45. Ku sekondale 85 ndi malikisi oti mudzi wonse umve. Kuno ndi pongodutsira basi.

Chodabwitsa n'chakuti zowerenga zake si zambiri. Kabuku komwe mafunso amatsamira, kotchedwa Scrum Guide, kali ndi masamba 13 okha, ndipo n'kaulere pa intaneti. Munthu atha kukamaliza ali mu minibasi. Chomwe chimagwetsa anthu, m'kuona kwanga, ndi chizolowezi. Ambirife tidakula tikudziwa kuti m'kalasi mawu omaliza ndi a aphunzitsi, ndipo muofesi palibe chimayenda abwana asanasayine. Mayesowa adawakonza ngati msampha wa chizolowezi chimenecho. Pa mayankho anayi omwe amakupatsani, nthawi zambiri pamakhala limodzi lomveka laulemu ndi lanzeru kwa munthu yemwe adagwirapo muofesi, lakuti nkhaniyo ipite kwa manijala. Kawirikawiri ndi lomwelo lolakwika.

Kuti timvetse chifukwa chake, tibwerere komwe zidachokera.

Mu February 2001, akatswiri 17 opanga mapulogalamu a pakompyuta adakumana ku Snowbird, malo ochezera a m'mapiri m'chigawo cha Utah ku America. Adali atatopa ndi kagwiridwe ka ntchito komwe kamatchedwa waterfall, dzina lochokera ku mathithi, poti madzi akagwa sabwereranso kumtunda. M'kagwiridwe kameneka mumatha miyezi mukulemba zonse zomwe kasitomala akufuna, kenako mujambula mapulani, kenako mupanga chinthucho, kenako muchiyesa, ndipo kasitomala amadzachiona kumapeto, mwina patatha zaka ziwiri. Pofika nthawi imeneyo zofuna zake zidasintha kalekale, kapena zimadziwika kuti simudamvane kuyambira pachiyambi, koma ndalama zatha.

Anthu 17 aja adalemba chikalata chachifupi chomwe chimadziwika kuti Agile Manifesto, chokhala ndi mfundo zikuluzikulu zinayi ndi mfundo zothandizira 12. Mwachidule chimati anthu ndi kulankhulana kwawo n'zofunika kuposa zida ndi malamulo a kagwiridwe. Chinthu chomwe chikugwira ntchito chimaposa mulu wa malipoti. Kuyendera limodzi ndi kasitomala kumaposa kukokanakokana pa za mgwirizano. Ndipo kusintha zinthu zikasintha kumaposa kukakamira pulani. Apa pali poterera: chikalatacho sichikuti malipoti ndi mapulani n'zopanda ntchito. Chikungonena chomwe chili patsogolo pa chinzake. Amene amalowa m'mayeso akuganiza kuti Agile ndi kugwira ntchito mwachisawawa, popanda cholemba, amagwa msanga.

Agile ndi kaganizidwe. Scrum ndi imodzi mwa njira zogwiritsira ntchito kaganizidweko, ndipo ndi yakale kuposa chikalata cha ku Snowbird. Dzinali lidachokera ku masewero a rugby, pomwe osewera amakolowekana mapewa n'kumakankha limodzi. Aphunzitsi awiri a ku Japan, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka, ndiwo adagwiritsa ntchito fanizo la rugby mu 1986 m'magazini ya Harvard Business Review pofotokoza momwe makampani ena amapangira katundu watsopano mwachangu. Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland adaitenga nzeruyo, n'kufotokoza Scrum pagulu mu 1995, ndipo mu 2010 adatulutsa Scrum Guide yoyamba. Yomwe ikugwira ntchito pa mayeso ndi ya November 2020.

Tiyerekeze kuti achinyamata asanu ndi awiri agwirizana kupanga app yothandiza magulu a banki mkhonde kulemba masheya ndi ngongole. Mu Scrum, mmodzi mwa iwo ndi Product Owner. Iyeyu ndiye amayankha pa phindu la chomwe chikupangidwa, ndipo ndiye mwini mndandanda wa zonse zofunika kupanga, womwe umatchedwa Product Backlog. Akanena kuti kulemba masheya kukhale pamwamba, kuwerengera chiwongoladzanja kubwere pambuyo, zimakhala momwemo. Ndi munthu mmodzi, osati komiti. Wina ndi Scrum Master, yemwe ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti Scrum ikumveka ndi kutsatidwa, kuphunzitsa timu kudziyendetsa yokha, ndi kuthandiza kuchotsa zopinga. Otsalawo ndi ma Developers, kaya wina amalemba code, wina amajambula maonekedwe, wina amayesa ngati zikuyenda. Timu yonse nthawi zambiri siposa anthu 10, ndipo mkati mwake mulibe wamkulu ndi wamng'ono.

Ntchito amaigwira m'tizigawo ta nthawi totchedwa Sprint, tosapitirira mwezi umodzi. Poyamba Sprint amakhala pansi n'kugwirizana cholinga chake: mwachitsanzo, pakutha pa masabata awiri, mlembi wa gulu azitha kulowetsa masheya a mamembala pafoni. Tsiku lililonse ma Developers amakumana mphindi 15, pa Daily Scrum, kuona ngati akuyandikira cholingacho. Kumapeto amaitana eni nkhani, amayi a banki mkhonde aja, kuti aone zomwe zapangidwa n'kukambirana chotsatira. Umenewo ndi Sprint Review. Mwina mayi wina anena kuti ambiri m'gulu lawo ali ndi foni za mabatani. Kuli bwino kumva zimenezo sabata yachiwiri kusiyana ndi mwezi wa 10. Potsiriza timu imadziunika yokha pa Sprint Retrospective, ndipo Sprint ina imayamba nthawi yomweyo, popanda tchuthi pakati.

Manambala ake ndi oloweza, ndipo amafunsidwa: pa Sprint ya mwezi wathunthu, Sprint Planning isapitirire maola 8, Sprint Review maola 4, Retrospective maola 3. Daily Scrum ndi mphindi 15 kaya Sprint ndi yaitali bwanji. Izi n'zosavuta. Povuta ndi pa mafunso ofotokoza zochitika.

Taonani chitsanzo cha mtundu wake, chomwe ndapeka ndekha. Sprint ili pakati, mkulu wa kampani wafika pa desiki ya Developer wina n'kumuuza kuti awonjezere batani latsopano chifukwa mawa kukubwera alendo. Developer achite chiyani? Mtima wa munthu yemwe akudziwa komwe malipiro ake amachokera ukuti: pangani basi, ndi abwana. Mtima wina ukuti akapemphe chilolezo kwa Scrum Master. Onse awiri alakwa. Pempholo liyenera kupita kwa Product Owner, chifukwa ndiye amasankha chomwe chili patsogolo, ndipo aliyense wofuna kusintha mndandanda, ngakhale mwini kampani, ayenera kumugonjetsa iyeyo ndi mfundo.

China: Scrum Master wadwala, Daily Scrum ichitike? Ambiri amati iyimitsidwe, poti wapampando palibe. Koma msonkhanowu ndi wa ma Developers, si wopereka malipoti kwa wina aliyense, ndipo Scrum Master sakakamizidwa n'komwe kukhalapo. Nanga ma Developers awiri akasemphana pa njira yopangira chinthu? Yankho loti Scrum Master agamule, kapena akawanenere kwa manijala, likhalapo pamndandanda, ndipo limakoka. Lolondola limakhala lomwe likuti awathandize kukambirana kuti apeze njira okha. Dzina lakuti master lisakupusitseni. Munthuyu sagawa ntchito, salemba anthu ofika mochedwa, ndipo alibe mphamvu yothetsa Sprint. Mphamvu imeneyo ili ndi Product Owner yekha, cholinga cha Sprint chikatha ntchito.

Funso lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi la ntchito yosatha. Tonse timamudziwa telala uja amene amati bwerani mawa, kwangotsala mabatani. Mu Scrum mulibe "kwangotsala". Timu imakhala ndi muyezo wogwirizana, Definition of Done, wonena zomwe ziyenera kukwaniritsidwa kuti chinthu chitchedwe chatha. Chomwe sichidafike pamuyezowo sichiperekedwa kwa kasitomala, sichionetsedwa n'komwe pa Sprint Review. Chimabwerera pa Product Backlog. Ndipo Sprint siwonjezeredwa masiku awiri kuti timalizitse. Tsiku likakwana, yatha. Kwa anthu omwe tidazolowera kuona tsiku lotsegulira nyumba kapena msewu likusunthidwa kangapo, mfundo imeneyi imamveka yankhanza. Koma cholinga chake n'choti bodza la "tili pa 90 peresenti" lisapeze pobisala.

Tsono kukonzekera kwake kumayenda bwanji?

Choyamba, onetsetsani chaka cha zomwe mukuwerenga. Pa YouTube pali mavidiyo ambiri okoma omwe adajambulidwa potsatira Scrum Guide ya 2017. Mukamva wina akunena za Development Team ya anthu atatu mpaka 9, kapena za mafunso atatu omwe aliyense amayankha pa Daily Scrum, dziwani kuti ndi zakale. Kabuku ka 2020 kadazichotsa. Kadabweretsanso Product Goal, n'kumangirira lonjezo pa chilichonse mwa zinthu zitatu zomwe timu imasunga: Product Goal pa Product Backlog, Sprint Goal pa Sprint Backlog, Definition of Done pa Increment. Bandulo yanu isathere pa zinthu zomwe zikakugwetseni.

Chachiwiri, dziwani zomwe mulibe m'kabukuko. Story points, velocity, user stories, Sprint Zero, ngakhalenso udindo wa project manager, zonsezi makampani ambiri amazigwiritsa ntchito, koma Scrum Guide sizitchula. Funso likati n'chiyani chomwe Scrum imalamula, yankho lokhala ndi zimenezi likaikireni. Apa ndi pomwe anthu omwe agwirapo kale ntchito m'makampani odzitcha a Agile amapunthwa kuposa ongoyamba kumene: amayankha momwe amachitira kuntchito kwawo, osati momwe kabuku kakunenera.

Kabukuko kawerengeni kangapo, pang'onopang'ono, pensulo ili m'manja. Chingerezi chake n'chosavuta koma liwu lililonse lili ndi kulemera kwake. Pali kusiyana pakati pa must ndi may, pakati pa always ndi usually. M'mayeso momwemo muli mafunso osankha yankho limodzi, ena osankha awiri kapena atatu, ena ongoti zoona kapena zabodza. Funso likati sankhani awiri inu n'kukhoza limodzi, musayembekezere chifundo. Kwa ife omwe Chingerezi n'chilankhulo chachiwiri, masekondi 45 aja amathera pa kuwerenga, choncho liwiro la kuwerenga ndi gawo la kukonzekera.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yofotokozera mnzanu m'Chichewa. Pezani anzanu awiri kapena atatu, aliyense atenge gawo, afotokoze popanda kubisala kumbuyo kwa mawu a Chingerezi. Ngati simungathe kuuza mng'ono wanu chifukwa chomwe Sprint yaifupi imachepetsera chiopsezo, ndiye kuti mwangoloweza. Mutu umodzi susenza denga, komanso gulu lotere limakupatsani anthu okutsutsani, zomwe vidiyo singachite.

Scrum.org ili ndi mayeso oyeserera aulere otchedwa Scrum Open, a mafunso 30 m'mphindi 30. Abwerezeni mpaka muzipeza 100 peresenti motsatizana, komanso mukumaliza nthawi isanafike theka. Koma samalani: mafunso ake amabwerezabwereza, moti pakapita masiku mumayamba kuzindikira yankho musanawerenge funso. Kukhoza kumeneko kumanamiza. Funso lililonse muzidzifunsa chifukwa chomwe mayankho enawo alili olakwika, ndi ndime ya m'kabuku yomwe ikutsimikiza. Yesaninso Product Owner Open, yomwenso ndi yaulere, kuti muone Scrum kuchokera mbali ina. Munthu amene akuwerenga ola limodzi patsiku mwakhama, ndingamuuze kuti adzipatse masabata atatu kapena anayi, osati usiku umodzi.

Tikambeko za likasa, poti nkhani ya mayeso siingathe osalitchula. Pa Telegram ndi malo ena pali ogulitsa mafayilo omwe amati muli mafunso enieni ndi mayankho ake. Kupatula kuti n'kuphwanya malamulo a eni mayeso, vuto lake n'lakuti palibe amene adatsimikiza mayankhowo. Ena ndi a kabuku kakale, ena adangoganiziridwa ndi munthu yemwe mwina adalakwa mayesowo. Pa mayeso omwe mungaphonye mafunso 12 okha, kuloweza mayankho olakwika asanu ndi kudziponya wekha m'dzenje, K350,000 ili m'thumba.

Chenjeraninso ndi makosi. Kuphunzira kwa munthu wodziwa si kolakwika, koma funsani kuti pepala lomwe mudzalandire likuchokera kwa ndani. Satifiketi yongosonyeza kuti mudakhala nawo pa maphunziro si PSM I. Mabungwe enieniwa ali ndi kaundula pa intaneti momwe wolemba ntchito angafufuze dzina lanu, komanso mndandanda wa aphunzitsi ovomerezeka. Ngati dzina la mphunzitsi mulibe m'menemo, dziwani chomwe mukugula. Ubwino wa kosi yovomerezeka ya Scrum.org ndi wakuti mtengo wa mayeso umakhala momwemo, ndipo mukalemba pasanathe masiku 14 n'kulakwa, amakupatsani mwayi wachiwiri waulere.

PSM I si mayeso okhawo. Bungwe la Scrum Alliance lili ndi Certified ScrumMaster, CSM, yomwe mayeso ake ndi opepukirapo: mafunso 50 mu ola limodzi, kukhoza 37 basi. Koma simungalembe musanachite kosi ya maola 16 ndi mphunzitsi wawo wovomerezeka, yemwe amaika yekha mtengo, ndipo satifiketiyo imafuna kukonzanso zaka ziwiri zilizonse polipira madola 100 ndi kusonyeza kuti mwapitiriza kuphunzira. PSM I mukaipeza ndi yanu mpaka kale. M'dziko momwe dola imasowa ngati mvula ya mu August, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Palinso AgilePM, yochokera ku Britain, yomwe imathandiza kwambiri amene akuyang'ana ntchito za kumeneko.

Ndiye pali mkulu wawo, PMI-ACP, wa bungwe la Project Management Institute la ku America, lomwe lidayamba mu 1969 ndipo limadziwika ndi satifiketi ya PMP. Amenewa ndi mafunso 120 m'maola atatu, pa mtengo wa madola oposa 400. Sangokhudza Scrum yokha. Mumakumana ndi Kanban, njira yomwe mizu yake ili m'mafakitale a Toyota ndipo imaletsa kuyamba ntchito zambiri nthawi imodzi, komanso Lean ndi Extreme Programming. Kuyambira November 2024 mafunso ake adagawidwa m'zigawo zinayi: kaganizidwe, utsogoleri, chinthu chomwe chikupangidwa, ndi kaperekedwe kake. PMI silengeza malikisi okhozera. Mumalembera kumalo a Pearson VUE kapena kunyumba kamera ikukuyang'anani, ndipo pa zaka zitatu zilizonse mumafunika maola 30 a maphunziro owonjezera kuti satifiketi isafe. Chachikulu n'chakuti salola munthu wongochoka kukoleji: amafuna maphunziro a Agile ndi umboni woti mudagwirapo ntchito mwanjira imeneyi. Kwa wongoyamba, amenewa ndi a mtsogolo.

Tibwerere ku PSM I, pa tsiku lolipira ndi tsiku lolemba, chifukwa kuno kwathu masiku awiri amenewa ali ndi mayeso awoawo. Kulipira kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire pa zomwe khadi lingalipire. Pitani mukafunse kubanki kwanu musanakonze tsiku. Nkhani yabwino ndi yakuti mukalipira amakutumizirani password pa imelo, ndipo password imeneyo siitha mphamvu. Mutha kugula mwezi womwe khadi lalola, n'kudzalemba mukakonzeka. Ngati m'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds ndiye akulipirireni, onetsetsani kuti mayesowo alembetsedwa pa imelo ndi dzina lanu, osati lake.

Patsiku lolemba, musadalire foni. Mafunso ena ndi aatali ndipo kansalu kakang'ono kakudyerani nthawi. Bwerekani laputopu ngati mulibe, muitchaje mokwanira, muone ndandanda ya kuthima kwa magetsi m'dera lanu. Khalani ndi ma SIM a makampani awiri, onse ali ndi bandulo, ndipo yeserani kusintha hotspot tsiku lisanafike. Netiweki ikadula, musaganize kuti wotchi ikudikirani. Auzeni a kunyumba kuti kwa ola limodzi mulibe, ngakhale kubwere alendo.

Mukayamba, lamulo ndi limodzi: osakangana ndi funso. Likakuvutani, sankhani yankho lomwe mukuliona bwino, liikeni chizindikiro, pitirirani, mudzabwerera kumapeto. Mafunso a manambala ndi matanthauzo amatha m'masekondi 10 kapena 15, ndipo nthawi yomwe mwapulumutsa apo ndi yomwe mukagwiritse ntchito pa ankhani aja. Palibe kamera yokuyang'anirani pa PSM I, ndiye ena amaganiza kuti azikafufuza yankho lililonse pa Google. Yesani kuwerengera: kutsegula tsamba, kulemba funso, kuwerenga zomwe zabwera, masekondi 45 atha kale kawiri. Mukakayika pakati pa mayankho awiri, dzifunseni kuti ndi liti lomwe likusiya chisankho m'manja mwa timu, ndi liti lomwe likuika zinthu poyera kuti aliyense aone. Zotsatira zimabwera pompopompo mukangomaliza.

Tsono tinene kuti mwakhoza. Mwaika baji pa LinkedIn, anzanu akuyamikirani. Ntchito ibwera?

Apa tisanamizane. Mu January 2023 banki ya Capital One ku America idachotsa maudindo pafupifupi 1,100 a m'gulu la Agile, ponena kuti ntchito imeneyo izigwiridwa ndi mainjiniya ndi oyang'anira zinthu zomwe banki imapanga. Martin Fowler, mmodzi mwa anthu 17 a ku Snowbird aja, adadandaula poyera mu 2018 ku Australia za malonda omwe amera mozungulira Agile, pomwe njira zogwirira ntchito zimakakamizidwa pa matimu kuchokera kumwamba, zomwe n'zosemphana ndi cholinga chake choyambirira. Ngakhale eni ake akuona kuti mapepala achuluka kuposa luso.

Mbali inayi, PMI idasintha mayeso a PMP mu January 2021 kuti pafupifupi theka la mafunso likhale la Agile kapena njira zosakaniza. Kutanthauza kuti kaganizidweka sikakutha. Kakungosiya kukhala ntchito yapayokha n'kukhala chinthu chomwe aliyense woyendetsa pulojekiti akuyembekezeka kudziwa. Choncho satifiketiyi imalemera ikakhala pamwamba pa luso lina. Wodziwa kupanga mapulogalamu, wowerengera ndalama, wa zaumoyo, wofalitsa nkhani, akawonjezera Scrum amaoneka mosiyana. Amene ali ndi PSM I yokha, osadziwa ntchito yomwe timu yake ikugwira, adzavutika pa intavyu akangofunsidwa kuti tatiuzani za Sprint yomwe idalephera ndi zomwe mudachita.

Palinso funso lomwe limandivuta ndikaganizira maofesi athu. Mapulojekiti ambiri a chitukuko amayendera ndalama za opereka thandizo, zomwe zimabwera ndi pulani ya zaka zitatu kapena zisanu, bajeti yogawidwa kale mzere ndi mzere, ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse. Wachinyamata wobwera ndi nzeru zoti tiyese kwa masabata awiri, tikaona kuti sizikuyenda tisinthe, akakumana ndi khoma. Ndipo kuuza bwana wa zaka 55, pamaso pa anthu, kuti pempho lake lidikire Sprint yotsatira, kumafuna kulimba mtima komwe palibe mayeso angakupatseni. Mpake kuti kulimba mtima ndi imodzi mwa mfundo zisanu za makhalidwe zomwe Scrum imatchula, pamodzi ndi kudzipereka, kuika mtima pa cholinga, kumasukirana ndi ulemu. Ulemu tili nawo wochuluka. Kumasukirana ndi akuluakulu ndiye kumatisowa.

Poyambira pabwino ndi pomwe palibe amene angakuchotseni ntchito. Komiti yokonza ukwati, gulu la achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti lomwe likusonkhetsa ndalama, anzanu omwe mukuyambitsa nawo podcast kapena kabizinesi kogulitsa zinthu pa intaneti: tengani pepala lalikulu kapena tsegulani Trello, jambulani mizere itatu ya zoti zichitike, zomwe zikuchitika ndi zomwe zatha. Sankhani munthu mmodzi woti aziika zinthu m'ndondomeko, gwirizanani cholinga cha masabata awiri, ndipo kumapeto khalani pansi mufunsane chomwe chidakuchedwetsani. Mudzaona nokha momwe anthu amazembera funso limenelo, ndi momwe mzere wapakati umadzazira pomwe wakumapeto uli mbee.

Mukadzayamba kugwira ntchito yeniyeni mwanjira imeneyi, muzilemba: dzina la pulojekiti, mwezi woyamba ndi womaliza, udindo wanu, ndi munthu yemwe angakuchitireni umboni. PMI imasankha ena mwa ofunsira mayeso ake n'kuwafufuza, ndipo amene wasankhidwa amayenera kubweretsa mapepala a maphunziro ndi saini ya yemwe ankamuyang'anira asanaloledwe kulemba PMI-ACP. Kufunafuna nambala ya bwana wakale patatha zaka zitatu, iye atasamukira ku Mzuzu n'kusintha foni, si ntchito yapafupi.